Mmene mungasandutsire kegi ya mowa kukhala mbiya ya thovu

Choyamba, uzani anthu tsiku. Musanagule ngakhale kapaipi kamodzi, lengezani kwa alamu anu, kwa anzanu a kuntchito ndi kwa aja a pa bawo kuti Loweruka likudzali kunyumba kwanu mowa uzituluka pampopi, wozizira mpaka mano kuchita dzanzi. Zolakwa zonse zimene ndikuphunzitseni pano zimabereka bwino munthu akakhala pa changu, ndipo zimakoma kwambiri pakakhala mboni.

Kwa amene simunachionepo chinthuchi, ndi firiji wamba, kapena firiza ija yotsekulira pamwamba imene amayi amasungiramo chambo ndi mafirizesi, ndipo m'kati mwake mumaimikidwa kegi, mbiya yachitsulo ya mowa. Gasi wa carbon dioxide wochokera m'silinda amakankha mowawo, umadutsa m'kapaipi, n'kukatulukira pampopi kunja. A ku America, kumene chizolowezichi chinakulira, amati kegerator ikakhala firiji, keezer ikakhala firiza. Kumeneko kufulula mowa pakhomo kunaloledwa ndi lamulo limene Pulezidenti Jimmy Carter anasainira mu 1978, nkhani imene agogo athu a masese akanaseka nayo, kumva kuti mbiya ya kuseri kwa nyumba imafuna siginecha ya mtsogoleri wa dziko. Ofululawo atatopa ndi kutsuka mabotolo anayamba kutola makegi a malita 19 a kampani ya Cornelius, amene Pepsi ndi Coca-Cola ankagawiramo zakumwa zawo asanasinthire ku matumba a m'makatoni. Ine ndinachionera kwa mlamu wanga ku Johannesburg. Chake chimagwira ntchito bwinobwino, moti palibe nkhani iliyonse yoti munthu n'kusimba za icho. Chanu chisakhale chotero.

Firiji gulani yotsika mtengo kuposa zonse, makamaka yakale imene inapangidwira nyengo ya ku Ulaya. Kumbuyo kapena m'kati mwake muli kachikwangwani kokhala ndi zilembo SN, N, ST kapena T, zonena kutentha kwa chipinda kumene makinawo angapirire. Ya N imalekezera pa madigiri 32, ya ST pa 38, ya T pa 43. Inu tengani ya N. Igonekeni chagada mu pikapu kuti mafuta a mu kompuresa ayenderere m'mapaipi, ndipo mukangofika ilumikizeni ku magetsi nthawi yomweyo, osaidikira maola angapo kuti mafutawo abwerere kwawo. Malo ake ndi m'galaja ya malata yopanda siling'i, kapena pakhonde loyang'ana kolowera dzuwa, mwezi wa Okutobala. A ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene kutentha kumadumpha madigiri 40, gawo ili mwapatsidwa ulere.

Ikankhireni kukhoma mpaka igunde. Ntchito ya firiji ndi kutola kutentha m'kati n'kukakutaya kunja, ndiye mukaitsekera potayira imangolira usana ndi usiku, mayunitsi akutha, mowa uli wofunda. Mafiriza ambiri otsekulira pamwamba amatayira kutenthako m'zipupa zawo zenizenizo, n'chifukwa chake mukawagwira m'mbali akamalira mumamva kufunda. Itanani kalipentala aikutire matabwa a mlombwa mbali zonse zinayi, apake vanishi, ioneke ngati kauntala ya ku hotela. Idzaoneka bwinodi.

Tsopano kuboola, ntchito imene mwakhala mukuilota. Pansi pa chitsulo chopyapyala cha m'mbali mwa firiji mumadutsa timapaipi tonyamula gasi woziziritsa, ndipo m'firiza timazungulira zipupa zonse ngati mizu ya dzungu. Anthu amantha amaboola pachitseko cha firiji, pamene nthawi zambiri sipadutsa paipi. Ikakhala firiza, amamasula chivindikiro, n'kukhoma felemu ya matabwa pakamwa pake, n'kubwezeretsa chivindikirocho pamwamba pa felemuyo, kuti mabowo onse a mipopi ndi a gasi alowe m'thabwa, firiza yosakhudzidwa. Ena amafika mpaka popaka phala la sitachi wosakaniza ndi sipiriti pakhoma la firiji n'kuiyatsa, kuti pamene payambe kuuma pawaululire njira ya paipi yofunda. Zonsezo n'kuchedwa. Inu sankhani pamene mpopi ungaoneke bwino kwa munthu wokhala pa sofa, tsamiritsani drill, kankhani. Mukamva kuti tsiiii, mwakhoza. Mafiriji ambiri a masiku ano amayendera R600a, gasi wa isobutane, m'bale wake wa uja wa mu laita, ndipo amayaka. Apa pokha ndikupemphani kuti ndudu muzimitse ndipo mawindo mutsekule, chifukwa ndikukufunani amoyo m'ndime zikubwerazi. Wokonza mafiriji adzabwera, adzayang'ana bowolo, adzayang'ana inu, kenako adzakufunsani mwaulemu ngati mulibe chimanga chosowa posungira.

Tinene kuti tsoka lakugwerani, paipi mwaiphonya, firiza ikadali moyo. Musataye mtima.

Firiza inapangidwa kuti izisunga nyama pa madigiri 18 pansi pa ziro. Mowa wa mphamvu ya 5 peresenti umayamba kuundana cha pa madigiri 2 pansi pa ziro, ndipo pampopi umafuna cha pa 3 kapena 4 pamwamba pa ziro. Kusiyana kumeneku amakuthetsa ndi kabokosi kotchipa, monga STC-1000 kapena Inkbird, kamene kamakhala pakati pa soketi ndi firiza, kali ndi kachingwe komva kutentha, n'kumadula magetsi pakazizira mokwanira. Musagule. Khalani thermostat inuyo: muzizula pulagi mukaona ngati kwazizira, muzibwezeretsa mukakumbukira. Ngati kegi inafika msanga, Lachinayi usiku mudzagona musanazule. Chimene chimayamba kuundana mu kegi ndi madzi, ndipo chotsala pansi, pamene kapaipi kamatungira, ndi mowa wokhathamira, wotsekemera, waukali. Ajeremani a ku Bavaria amachita zimenezi mwadala n'kuutcha Eisbock, ndiye dzina lowauza alendo muli nalo kale. Oyamba kumwa adzayamba kuimba isanakwane 4 koloko. Obwera Lamlungu, ayezi atasungunuka, adzamwa madzi onunkhira mowa.

Ngati mlamu wanu wakuumirizani mpaka mwagula kabokosi kaja, mwayi wolakwitsa ukadalipo pa kachingwe kake. Iye adzakuuzani kuti mutu wa kachingweko muumate ndi tepi pamimba pa kegi, n'kuuphimba ndi kachidutswa ka siponji, kuti uzimva kuzizira kwa mowa osati kwa mpweya. Vomerani ndi mutu. Akapita, ulekeni uzilendewera mumpweya, kuti mwana akangotsekula chivindikiro kompuresa izidzuka, ndipo nthawi yodikira ija imene kabokosiko kamapatsa kompuresa isanayambirenso, imene imakhala mphindi zingapo, muitsitse ifike pa ziro. Kompuresa yodzutsidwadzutsidwa sikalamba. Kapena ugunditseni ku chipupa cha m'kati, chimene chimazizira msanga kuposa china chilichonse, kuti kabokosi kazidula magetsi mowa usanamve n'komwe. Koma njira imene ine ndimaikonda ndi yoiwala kachingweko kunja potsuka. Kamagwera kumbuyo kwa firiza, n'kumauza kabokosi mokhulupirika kuti kukutentha madigiri 30, ndipo firiza imamvera mpaka mbandakucha.

Tafika pa mtima wa nkhani, pamene ambiri amalakwitsa mwa mwayi chabe, osadziwa chimene akuchita. Inu ndikufuna mulakwitse mozindikira. Mu 1803 William Henry, Mngelezi wa ku Manchester, anasonyeza kuti kuchuluka kwa gasi amene amasungunuka m'madzi kumayendera mphamvu imene gasiyo akukankhira pamwamba pa madziwo. Mbali yachiwiri ya nkhaniyi imadziwika ndi aliyense amene anatsekulapo Fanta wokhala padzuwa: chakumwa chozizira chimamugwira gasi, chofunda chimamulavula. Mowa wa lager wamba umasunga pafupifupi malita awiri ndi theka a gasi mu lita imodzi. Ukakhala pa madigiri 3, mphamvu ya psi 12 pa regulator ya pa silinda, imene ili pafupifupi 0.8 bar, imakwanira kumugoneka gasiyo m'mowamo. Mowa womwewo pa madigiri 10 umafuna cha m'ma 18. Pa madigiri 20 umafuna pafupifupi 28. Ndiye kegi yofunda yolumikizidwa pa 12 imatulutsa gasi wake m'paipi momwemo, ndipo chofika m'tambula ndi thovu lokhalokha, loyera ngati la sopo wochapira. Thovu lotere ndi kalata yochokera kwa mowa yokuuzani kuti sunazizire. Luso lanu lonse likhale pokana kuiwerenga.

Kegi ya malita 19 imafuna tsiku lathunthu, maola 24, kuti izizire mpaka pakati. Ya malita 50, imene ikadzaza imalemera kupitirira makilogalamu 60, ikhoza kufuna kuposa apo. Choncho kaitengeni Loweruka m'mawa. Ikhale kumbuyo kwa pikapu osaiphimba, mudzere msewu wa zigwembe, muime pamsika ola limodzi kugula makala ndi nyama yootcha, ndipo pofika pakhomo muigubuduze kuchokera pageti. Iikeni m'firiza 12 koloko. Pofika 2 koloko igwireni ndi dzanja: chitsulo chidzakhala chozizira bwino, pamene mowa wa m'kati ukadali wa pa pikapu. Tsekulani mpopi.

Thovu likatuluka, thamangirani ku regulator. Ili ndiye lamulo lalikulu. Pali kachipangizo kotchipa, thermometer ya kukhitchini, kamene mukanakaviika m'tambula yachiwiri n'kudziwa zoona m'masekondi khumi, koma kameneko musakakhudze. Ganizani motere: thovu ndi gasi, ndiye gasi wachuluka, ndiye nditsitse. Tsitsani afike pa 5. Popeza tsopano mphamvu yomugwira gasi yacheperatu, thovu lidzawonjezeka, ndipo m'paipi mudzaona timabulo tikuyenda ngati nyerere. Pamenepo mnzanu wina, amene anagwirapo ntchito m'bala zaka za m'mbuyomo, adzanena kuti ayi achimwene, vuto ndi loti gasi wachepa. Kwezani afike pa 30, ndipo muiwale pomwepo mpaka Lachiwiri. M'masiku amenewo mowa udzakhala utazizira tsopano, ndipo mowa wozizira wokankhidwa ndi 30 umameza gasi wochuluka koposa muyeso, moti thovu limene linali la tsiku limodzi lidzasanduka la kegi yonse. Mukatero kokani kampete kotulutsira mpweya, gwedezani kegi, kokaninso, mpaka mowa usukuluke ngati tiyi wa dzulo. M'sabata imodzi mudzakhala mutalawa mowa wofunda, wophulika ndi wakufa, zonse kuchokera m'kegi imodzi, pamene mlamu wanga wa ku Joni wangolawa mtundu umodzi wokha.

A m'mapiri muli ndi mphatso ina. Geji ya regulator imayeza mphamvu poyerekeza ndi mpweya wozungulira, ndipo mpweya umapepuka munthu akamakwera. Matebulo a psi amene mungawapeze m'mabuku amalembedwera a m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndiye pamafunika kuwonjezera psi pafupifupi 2. Johannesburg, pa mamita 1,750, pafupifupi 3. Musawonjezere. Mowa uzisukuluka pang'onopang'ono, ndipo mlandu muziupereka kwa amene anaufulula.

Kapaipi ka mowa kali ndi ntchito yake yobisika, yobweza liwiro. Ofulula a m'makomo amakonda ka bowo laling'ono, 3/16 ya inchi, kapena kuti pafupifupi mamilimita 5, kotalika mamita atatu kapena kuposa, kuti mowa uzikhuzana ndi zipupa zake n'kufika pampopi utafatsa. Mamita atatu opiringizika m'firiza saoneka bwino. Dulani katsale theka la mita, ndipo ngati kuhadiweya kuli paipi yotakata, ija yoonekera m'kati, tengani imeneyo. Mowa uzituluka ngati madzi ozimitsira moto.

Mpopi uikeni pa nsanamira yachitsulo yonyezimira pamwamba pa chivindikiro, yaitali ndithu, kuti azionera patali. M'nsanamiramo mumakhala mowa wodikira, kunja kwa kuzizira, ndipo chitsulo chake chimatentha mofanana ndi galaja. Tambula iliyonse yoyamba izikhala thovu, yachiwiri izikhala bwinoko, ndipo mukacheza mphindi makumi awiri muziyambiranso. Ngakhale m'firiza momwemo mpweya wozizira umagona pansi, wofunda n'kukwera kukakhala pansi pa chivindikiro, pamene inu mwaunjika mapaipi. Mankhwala a zonsezi ndi kafani kakang'ono kozula m'kompyuta yakufa, kozunguza mpweya m'kati ndi kuuzira wina m'nsanamira. Mtengo wake sufika wa mabotolo atatu. Koma munthu amene wagula kale mlombwa ndi vanishi asadzichepetse ndi kafani. Felemu ya matabwa ija, ngati munaikhoma, musaiike chotchinga kutentha m'kati, ndipo mipata ya m'makona muisiye kuti firiza izipuma.

Silinda ya gasi ili ndi misampha yake yokoma. M'kati mwake carbon dioxide amakhala wamadzimadzi, gasi ali pamwamba, n'chifukwa chake imayenera kuima chilili, yomangiriridwa kuti isagwe. Ikakana kukwana, igonekeni, kuti wamadzimadziyo alowe mu regulator n'kuiwononga. Geji yachiwiri ya pa regulator, imene aliyense amaganiza kuti imasonyeza gasi wotsala, imangosonyeza mphamvu ya m'silinda, ndipo mphamvuyo imatsatira kutentha: pa madigiri 20 imakhala cha pa 57 bar, silinda ikhale yodzaza kapena yotsala pang'ono, ndipo mukailowetsa m'firiji muvi umatsika kufika pansi pa 40. Apa mungasankhe nokha. Mukhoza kuona muvi watsika n'kunyamula silinda yodzaza ulendo wa kutauni kukadzazitsa. Mukhozanso kuukhulupirira muviwo miyezi itatu uli malo amodzi, mpaka usiku umene wamadzimadzi womaliza adzathe, muvi n'kugwa kamodzin'kamodzi alendo ali pakati pa nkhani. Sikelo ikanakuuzani zoona, pakuti kulemera kwa silinda yopanda kanthu kunadindidwa paphewa pake, koma sikelo ndi ya ogulitsa nyemba. Polumikizira mapaipi musapake madzi a sopo kuti muone ngati pakutuluka timabulo. Kabowo kosaoneka ndi maso kamatha silinda yonse usiku umodzi mwakachetechete. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amadikha pansi pa firiza ngati madzi m'chitsime, ndipo mudzamudziwa mukaweramira m'kati n'kumva mphuno kulasa. Mukamva choncho dzukani msanga. Kulumikiza silinda ku kegi popanda regulator ndiye sindikuphunzitsani, chifukwa kumeneko kulibe nthabwala, kuli maliro.

Magetsi adzathima, zimenezo sizifuna malangizo anga. Malita 19 ozizira bwino, m'firiza yotseka, amasunga kuzizira kwawo maola ambiri, makamaka ngati m'mipata munaikamo zigubu za madzi zoti zizithandizana nawo. Inu mipata muisiye yopanda kanthu, ndipo muzitsekula mphindi khumi zilizonse kuti muone ngati mukadali mozizira. Itanani aneba aonenso.

Kutsekulatsekulako kuli ndi phindu lina la m'tsogolo. Firiza ikamagwira ntchito yake yeniyeni, chinyontho cholowa chimauma m'zipupa n'kukhala ayezi. Pa madigiri 3 chimasanduka thukuta, n'kutsetsereka, n'kudikha pansi. Pofika Januwale, mvula ili pakati, pansi pa kegi padzakhala kadambo, m'makona mudzachita dzimbiri, ndipo matabwa a felemu adzamera chuku wakuda. Musapukute. Mapaipi nawonso musatsuke. Bungwe la ofulula mowa la ku America, Brewers Association, limalangiza kutsuka mapaipi a mowa masabata awiri alionse, koma inu mukudziwa kuti mowa ndi mankhwala, umadzitsuka wokha. M'kati mwa paipi mudzamera utoto wa bulauni, pakamwa pa mpopi padzasonkhana tintchentche tating'ono tija ta pa nthochi, ndipo mowa udzayamba kununkhira batala wowola ndi viniga. Zigamba za m'paipizo zimathandizanso kutulutsa thovu, ndiye palibe chotayika.

Potunga, mpopi muzitsekula theka, mwaulemu, ngati mukuopa kuudzutsa. Potsekula pang'ono mowa umafinyidwa pakampata n'kusanduka thovu ngakhale zina zonse zili bwino. Tambula muziimika chilili, patali ndi mpopi, osaipendeketsa. Ikhale yongochoka padzuwa pa thandala, kapena imene wina wamwera atadya kanyenya, kuti mafuta a pamilomo aphe ngakhale kathovu kabwino kaja koyenera kutsala pamwamba.

Mukatsatira zonsezi, Loweruka lija cha m'ma 5 koloko pakhonde panu padzakhala amuna asanu ndi atatu atazungulira tebulo, pakati pali majagi atatu ndi poto mmodzi, zonse zodzaza thovu, aliyense akuyang'anitsitsa kamzere kachikasu kakukwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Wina adzanena kuti kukoma kwake kukumveka ndithu. Mayi a kunyumba adzasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Bambo, nanga nsomba zanga zija munati zili kwa aneba, zibwera liti?" Musayankhe. Itanirani mlamu wanu wamng'ono kuseri, mupatseni makiyi a pikapu ndi ndalama, akagule kireti ya Green ku botolo sitolo, aja amene anayamba kufululidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo mumuuze kuti asankhe a pansi penipeni pa firiji. Auzenso mwini sitolo kuti mabotolo opanda kanthu mubweza Lolemba, pakuti anu aja munagulitsa tsiku limene munagula kegi.